Njerwa ya Kapitawo

Lachisanu lina m'mawa, mu Disembala wa 1995, a Mudenda anagwada pafupi ndi mpope wa kuseri kwa nyumba yawo ku Libuyu, atavala ovolosi yosita bwino, sipanala ili m'manja, kudikira chule. Akazi awo, a Sibeso, mayi wa ana anayi, wogulitsa tomato pamsika wa Maramba, anaima kumbuyo kwawo atapinda manja, nawonso kudikira chule yemweyo.

Nkhani yake inali iyi. A Mudenda anagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pa fakitale yoluka mabulangete monga taimukipa, munthu wolemba amene wafika, amene wachedwa ndi amene sanaoneke. Fakitaleyo inatsekedwa zaka zitatu m'mbuyomo, makina ananyamulidwa pa sitima anthu akuona, koma a Mudenda sanasiye. M'mawa uliwonse ankavala ovolosi, kuyenda wapansi mpaka kugeti, kuima pamenepo mpaka dzuwa liyambe kuswa mtengo, kenako n'kubwerera kunyumba. Ankati tsiku lina adzatsegula, ndipo woyamba kulembedwa adzakhala amene amupeza pageti. A Sibeso ankasita ovolosiyo osadandaula, koma zinkawapweteka kwambiri kuona mwamuna wanzeru zake akuthera nsapato pa geti lomangidwa ndi tcheni.

Tsopano mchimwene wa a Sibeso, Imasiku, wogulitsa ziboliboli kwa alendo ku Mosi-oa-Tunya, anali ndi malo a munthu mmodzi patebulo lake. Ankafuna wodziwa Chingerezi, wosachedwa, woti azipukuta mvuu zamitengo ndi polishi wa nsapato. Anati adikira mpaka Lachisanu thwelofu koloko masana, kupitirira apo apatsa wina. A Mudenda anakana kwamtuwagalu.

Chule analowa m'nkhaniyi chifukwa cha ulova. Mvula itayamba, a Mudenda anapeza chule wonenepa akukhala m'dzenje kunsi kwa simenti ya pampope, ndipo munthu wozolowera kulamula nthawi sangaone cholengedwa chikungokhala popanda ndandanda. Anayamba kumenya paipi katatu ndi sipanala seveni koloko m'mawa, asananyamuke kupita kugeti, n'kuika inswa zamoyo pa njerwa imene inali mapazi atatu kuchokera padzenje. Patatha milungu iwiri, chule ankatuluka atangomva kulira kwa paipi, kukwera panjerwa, n'kudikira. Anamutcha Kapitawo, ati nkhope yake ndi ya kapitawo wina wa kufakitale amene sanasekepo.

Mkangano unabuka tsiku limene a Mudenda anati Kapitawo ndiye chitsanzo cha wantchito weniweni, wobwera chifukwa cha mwambo. A Sibeso anati amabwera chifukwa cha inswa. Sananene monyoza ayi. Iwo ndi munthu wonena chimene waona basi, woti ukamuuza kuti ukubwera pompano, amaima pakhomo kukudikira. A Mudenda anapsa mtima n'kuika pangano la masiku khumi popanda inswa. Tsiku lakhumi Kapitawo akaponda njerwa, iwo apitiriza kupita kugeti ndipo mawu oti mvuu asadzamvekenso m'nyumba mwawo. Akapanda kuponda, apita kwa Imasiku. Lachisanu limeneli ndilo linali tsiku lakhumi.

"Seveni yakwana, Bashi Lushomo," anatero a Sibeso, kuwaitana ndi dzina la mwana wawo woyamba. "Menyani."

"Musanithamangise, Bana Lushomo. Belu ili na nthawi yake."

"Nthawi yake ni seveni. Munakamba mweka."

A Mudenda anayang'ana wotchi yawo, ngati kuti wotchi ingawayimire mlandu, kenako anamenya paipi katatu. Kunsi kwa simenti kunali zii.

"Ali panjila," anatero.

"Njila ni mapazi yatatu."

"Mapazi yanu. Kwa chule ni ulendo."

"Tsiku yoyamba ulendo wamene uyo anautha mukalibe kumenya kachitatu."

Izi zinali zoona, ndipo zinalembedwa ndi dzanja la a Mudenda iwo eni m'kabuku kabuluu kamene anatuluka nako kufakitale. Tsiku loyamba lopanda inswa, Kapitawo anafika nthawi yomweyo. Tsiku lachitatu anachedwa mphindi imodzi. Tsiku lachisanu anachedwa mphindi zinayi, nakhala panjerwa, nayang'ana dzanja lopanda kanthu, n'kubwerera mwaulemu. Kenako anayamba kufika pakati pa njira n'kutembenuka. Dzana anatulutsa mutu wokha. Dzulo anatulutsa diso limodzi. Chimene chinadabwitsa a Sibeso n'chakuti chuleyo sanakwiyepo tsiku ndi limodzi lomwe. Sanalumphe moipidwa, sanafufume, sanathamange mopitirira kuti mwina inswa zili patsogolo. Chizolowezi chinangosuluka pang'onopang'ono ngati chitenje choyanikidwa padzuwa.

A Mudenda chimenechi sichinawasangalatse. Anati akanakonda kuti Kapitawo akwiye, chifukwa tsiku limene fakitale inatsekedwa anthu anakwiya, anaimba, wina anaswa zenera la ofesi, ndipo munthu wokwiya ndiye kuti akadali ndi chiyembekezo. A Sibeso anafunsa ngati chule angafikire zenera.

"Olo thupi ichedwe," anatero a Mudenda patapita mphindi zisanu, "mtima wake uli kale pa njelwa."

A Sibeso anawerama n'kuyang'anitsitsa njerwa ija, mbali zonse zinayi.

"Palibe mtima. Pali nyelele ziwili."

"Nikamba mwa fanizo."

"Pangano siinali ya fanizo. Inali ya njelwa."

"Kapena ali ku malilo."

"Anafa ndani?"

"Achule bamafa, Bana Lushomo. Mwaona pa msewu wa ku Maramba mvula ikagwa."

"Pepani kuli yeve. Manje anapempha livu kuli ndani?"

"Kuli ine."

"Munasaina? Nionetseni mu buku."

A Mudenda anatseka kabuku kaja msanga. Bodza la pakamwa ankatha kulinena ngati wina aliyense, koma m'buku sanalembemo bodza chibadwire, ndipo akazi awo ankadziwa. Kuti aphimbe manyazi anayamba kudzitama kuti pa zaka zonse zija, wochedwa mphindi makumi atatu ankamulemba kuti sanabwere, ngakhale akhale mphwake wa manijala, ngakhale alire misozi. A Sibeso nkhaniyi anali ataimva kambirimbiri, moti anangogwedeza mutu.

Pamenepo m'dzenje munaoneka kanthu konyezimira.

"Onani. Diso. Waonekela pa nchito."

"Munati kuponda."

"Kuonekela na kuponda ni chimodzi."

"Diso siiponda, Bashi Lushomo. Ikaponda ni ku chipatala."

Diso lija linaphethira kamodzi n'kubwerera mumdima. A Mudenda anatsokomola, naimirira ngati akuwongola msana, ndipo nsapato yawo yakumanja inayamba kukankha njerwa pang'onopang'ono kulowera kudzenje, iwo akuyang'ana mitambo.

"Njelwa iyenda," anatero a Sibeso.

"Kuti?"

"Pa nsapato yanu."

"Ni transifa. Malo ya nchito yamasamuka."

"Munati chule abwele ku njelwa. Simunakambe ati njelwa iyende ku chule." Anaganiza pang'ono, kenako anafunsa ndi mtima woona: "Fakitale nayeve izasamukila kuno ku Libuyu?"

"Musasakanize nkhani."

"Ndimwe munazisakaniza, tsiku yamene munakamba ati imwe na chule ndimwe bantu bamodzi."

"Ninati tili na mwambo umodzi."

"Bwezani njelwa."

Anaibweza. Pamalo pake panali chizindikiro cha makala chimene a Sibeso anajambula tsiku loyamba, chifukwa amuna awo ankawadziwa bwino. Powerama kuti aikhazike, m'thumba la pachifuwa munagwa kabokosi ka machesi, ndipo kabokosiko kanayamba kulira chokwekwesa mkati.

"Muli chani umo?"

"Machisi."

"Machisi yamayenda?"

"Yanyowa na mvula."

A Sibeso anatola kabokosi n'kukatsegula. Munali inswa zisanu zamoyo, zonona bwino.

"Machisi yanu ili na mendo."

"Iyo ni bonasi."

"Pangano inati palibe kudya."

"Inati palibe malipilo. Bonasi si malipilo. Bonasi ni chikondi cha manijimenti."

"Imadyiwa?"

"Imadyiwa, koma…"

"Ni kudya."

Anaitana nkhuku, ndipo chikondi cha manijimenti chinatha m'masekondi atatu. A Mudenda anayang'ana nkhukuzo ndi diso limene kale linkanjenjemeretsa anthu ochedwa, koma nkhuku sizinawerengepo kanthu.

Anamenyanso paipi. A Sibeso anati pangano linali la kumenya katatu. A Mudenda anati sananene kuti katatu kangati. A Sibeso anafufuza m'mutu mwawo mawu onse a pangano, napeza kuti amuna awo akunena zoona, ndipo anavomera. Paipi inalira mpaka mayi woyandikana nawo anatuluka ndi chidebe poganiza kuti akukonza mpope, n'kubwerera akung'ung'udza.

Wotchi itakwana hafu pasiti seveni, a Sibeso anafunsa kuti adikira mpaka liti.

"Tinakamba tsiku ya teni," anatero a Mudenda, ndipo nkhope yawo inawala ngati ya munthu wotola kanthu panjira. "Tsiku imasila mailo kukacha."

"Imasiku azayembekeza chabe kufika thwelofu."

"Imasiku mulibe mu pangano."

Apa a Sibeso mtima unagwa. Anakumbukira lamulo la kufakitale lija, la wochedwa mphindi makumi atatu, ndipo akanakhala munthu wina akanalitola n'kuwamenya nalo amuna awo. Koma lamulolo silinatchulidwe tsiku la pangano, ndipo iwo sakanatha kuwonjezera mawu amene sananenedwe, ngakhale owakomera. Anadziwa kuti bambo uyu atha kugwada pampope mpaka dzuwa kulowa, malo a Imasiku n'kupita kwa wina, mawa ovolosi n'kusitidwanso. Anachita mantha, ndipo anakwiya ndi khalidwe lawo lomwe.

"Bashi Lushomo," anatero motsitsa mawu, "mvuu inakulakwilani chani?"

"Ine taimukipa, kupolisha matako ya mvuu pamaso pa bazungu?"

"Ili na mutu futi. Mungayambile kumutu."

A Mudenda sanaseke. Anatembenuza sipanala m'manja kangapo, akuyang'ana dzenje.

"Nikaleka kuyenda kugeti," anatero, "ninshi fakitale yatsekeka zoona."

"Inatsekeka zoona. Mukati mbuzi zimadya udzu."

"Mlonda akalipo."

"Mlonda anachoka mu Ogasiti. Munaniuza mweka ati manje mumapatsa moni tcheni."

"Munthu mmodzi afunika kukhalapo, Bana Lushomo. Bakabwela, bazafunsa ndani nthawi?"

Funsolo silinali la nthawi, ndipo mafunso otere a Sibeso ankawalephera. Anamva chisoni chokhachokha. Anasiya amuna awo ali chogwada, nakokera dengu la tomato pakhonde kuti asankhe wopita naye kumsika, pakuti chule kapena ayi, ana anayenera kudya. Tomato wabwino ankamuika m'beseni, woola ankamuponya kumpanda wa maluwa, kupitirira njerwa ija pang'ono, kumene ankaponya masiku onse akapeza woola. Mvula ya sabata imeneyo inaononga wambiri, moti posakhalitsa kumpanda kunali kamulu kofiira, ndipo ntchentche za Libuyu yense zinamva uthenga.

Itangopitirira eyiti koloko, Kapitawo anatuluka. Paipi inali isanamenyedwe kwa mphindi makumi awiri.

"Shii," anatero a Mudenda, ngakhale panalibe wolankhula. "Wabwela."

Chuleyo anayenda mwa kayendedwe kake kaulesi, mwendo umodzi kenako unzake. Anafika panjerwa, chifukwa njerwayo inali pakati pa njira yake. A Mudenda anatambasula dzanja lopanda kanthu monga ankachitira masiku onsewo, akumwetulira ngati bambo pa ukwati wa mwana wake. Kapitawo anakwera panjerwa. Sanaime, sanatembenuze mutu, dzanja lija sanaliyang'ane n'komwe. Anatsikira mbali inayo, nayenda mpaka pa kamulu ka tomato woola, nakhazikika bwinobwino, ndipo lilime linatuluka n'kubwerera ndi ntchentche.

A Sibeso anaona zonse, ndipo akanakonda akanapanda kuona. Anapukuta manja pachitenje. Chimene chachitika chachitika, ndipo iwo sanaphunzirepo kuchinena mwanjira ina.

"Waponda," anatero. "Mwawina. Yendani kugeti, mwachedwa kale. Nizatuma mau kuli Imasiku."

A Mudenda sanasunthe. Dzanja linali likadali m'malere. Anaonerera chule akugwira ntchentche yachiwiri, kenako yachitatu, mosathamanga, mosadandaula, ngati amene wagwira ntchitoyo moyo wake wonse. Pang'onopang'ono anabweza dzanja n'kuliyang'ana mkati.

"Sanaponde," anatero.

"Waponda. Mendo yonse folo."

"Wapitapo chabe."

"Munati kuponda. Kupitapo na mendo ni kuponda."

"Ananiyang'ana?"

"Sitinakambe za kuyang'ana."

"Anaimilila?"

"Sitinakambe za kuimilila."

"Anabwela chifukwa cha belu?"

"Sitinakambe za chifukwa. Bashi Lushomo, ine sinifuna kuti muwine, mudziwa. Koma mwawina."

"Musanipatse zamene si zanga."

"Ni zanu. Onani chizindikilo cha phazi pa njelwa, chikali chonyowa."

A Mudenda anaika chala chachikulu pachizindikirocho n'kuchipukuta.

"Kulibe."

"Mwachifafaniza nikuona."

"Ni mame."

"Mame ili na zala?"

"Bana Lushomo, muli na makani maningi."

"Ine?"

Mayi woyandikana nawo uja, amene anali atabweranso ndi chidebe chake, anapeza banja likukangana motentha kuposa poyamba, mkazi akuumirira kuti wagonja, mwamuna akukana kuti sanapambane, ndipo anabwerera kachiwiri osatunga madzi.

A Mudenda anaimirira, nasasa fumbi m'mawondo a ovolosi, natsegula kabuku kabuluu. Anayang'ana wotchi, ananyowetsa nsonga ya pensulo ndi lilime monga ankachitira kufakitale, ndipo analemba mosamala, chilembo chilichonse pachokha. A Sibeso anasuzumira, chifukwa m'bukumo simunalembedwepo bodza, ndipo anafuna kuona ngati lero ndilo tsiku loyamba. Amuna awo anali atalemba nthawi yeniyeni, eyiti koloko ndi mphindi zinayi. A Mudenda anatseka buku, naika sipanala pamwamba pa njerwa, nayamba kumasula mabatani a ovolosi.

"Zaka naintini nenze taimukipa," anatero. "Munthu wofika leti na awa yonse, osapatsa moni, woponda pageti chabe chifukwa ni njila yopita ku nchito yake yanyowani, uyo si wanchito wathu. Nalemba abusenti. Naluza, ndipo musanitsutse futi. Manje niuzeni: mvuu ya Imasiku imafuna polishi ya bulaki olo ya bulauni?"